Tiana ta abakha tafika masabata asanu koma sitikukula, kodi madeya okha sakwana?

Mayi a ku Mchinji:
Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ine ndabwera ndi nkhawa. Bakha wanga wina anaswa ana 14, mnzake anaswa 11 patangodutsa masiku atatu, ndiye ndinawaphatikiza m'khola limodzi. Atatu anafa sabata yoyamba, atsala 22. Pano akwanitsa masabata asanu koma mutawaona mungati ndi a masabata awiri. Nthenga zenizeni sizikutuluka, pamsana padakali ubweya uja anabadwa nawo, ndipo ena ayamba kujomphana kumchira mpaka magazi. Dzulo ndinakabwereka sikelo kwa ogula soya. Wamkulu pa onse wakwana magalamu 450, ambiri ali cha m'ma 300. Ndimawapatsa madeya onyowetsa m'mawa, masana ndi madzulo, amadya mpaka kusiya okha, ndiye njala ayi. Satsegula m'mimba, saodzera. Chingakhale chiyani abale?

Agogo a ku Nkhotakota:
Mwana wanga, kodi umawatsegulira kuti aziyenda? Ine abakha ndayamba kuweta kalekale ndipo sindinagulepo thumba la chakudya cha kusitolo. Kuno amatsikira kudambo ndi mayi wawo, amakadya nkhono, ambululu, ziwala, nyongolotsi, madzulo akabwera ndimangowawazira madeya a mpunga. Amanenepa bwinobwino.

Mayi a ku Mchinji:
Ayi agogo, ndimawatsekera. Chaka chatha akabawi ndi akhwangwala ananditha tiana, komanso anzanga oyandikana nawo ali ndi dimba la masamba, sindifuna milandu. Dambo lili kutali ndi kwathu.

Mlangizi wopuma ntchito, Dedza:
Mayi, yankho lanu lili m'mawu a agogowa. Abakha awo sakula ndi madeya a madzulo aja ayi, akukula ndi nkhono ndi tizilombo ta kudambo. Inu mwawatsekera pa zifukwa zomveka, koma potseka chitseko mwatsekanso ndiwo zawo, atsala ndi nsima yokha.

Madeya a chimanga ali ndi mapuloteni pafupifupi magawo 10 pa 100 aliwonse, chimanga chenichenicho 8 kapena 9. Kamwana ka bakha m'masabata awiri oyamba kamafuna kuwirikiza pamenepo. Bungwe la ku America lotchedwa National Research Council, m'buku lake la 1994 la kadyetsedwe ka nkhuku ndi mbalame zina zoweta, linaika 22 peresenti kwa abakha a mtundu wa Pekin kuyambira tsiku loyamba mpaka masabata awiri, kenako 16 peresenti mpaka masabata 7, ndipo 15 peresenti kwa oikira mazira oti aswe. Athu akudawa ndi a mtundu wina, wa Muscovy, amakula pang'onopang'ono kusiyana ndi Pekin, choncho ine ndimalangiza kuti chakudya champhamvucho chipitirire mpaka masabata atatu kapena anayi.

Nthenga zomwe mukudandaulazo ndi mapuloteni pafupifupi zonse. Thupi likaperewera limayamba lasamala mtima, chiwindi ndi matumbo, nthenga zimadikira. Kujomphanako nakonso nthawi zambiri kumayamba pomwepo, ngakhale kuthithikana m'khola kumawonjezera. Ovulalawo muwapatule lero lomwe, akaona magazi saleka.

Mayi a ku Mchinji:
Zikomo bambo mlangizi. Koma ndiye kuti ndawawononga kale? Masabata asanu adutsa. Nanga ndipange bwanji poti thumba la kusitolo sindingalikwanitse? Soya ndili naye, ndinasunga matumba awiri.

Achimwene a ku Lunzu:
Mayi musavutike ndi zosakanizasakaniza. Gulani broiler starter basi, chakudya cha kusitolo cha anapiye a nkhuku zanyama. Ine ndimaweta abakha oyera aja a Pekin, ndimagulitsa kumalo odyera mu Blantyre. Ndimawapatsa starter kuyambira tsiku loyamba mpaka tsiku lopha, sindisintha. Pa masabata 7 amakhala atadutsa makilogalamu atatu. Mapuloteni akachuluka nyama imachulukanso, nkhani yake ndi yomweyo.

Mlangizi wopuma ntchito, Dedza:
Achimwene, kuti abakha anu amafika makilogalamu atatu pa masabata 7 sindikutsutsa, Pekin amatero ndithu. Koma ndalama zina mukuzitaya m'ndowe. Bakha akadutsa masabata awiri kapena atatu amadya chakudya chambiri patsiku, ndiye ngakhale peresenti itatsika kufika 16 kapena 17, magalamu a mapuloteni omwe akulowa m'thupi amakhala okwana. Otsalawo thupi silisunga ngati nyama. Chiwindi chimawaphwanya, impso zimawatulutsa, ndi zoyera zija mumaona pa zitosi. Bakha amamwanso madzi ambiri kuti atsuke zimenezi, khola limanyowa msanga, fungo loswa mphuno lija limakula. Tayesani gulu limodzi kulisinthira ku finisher kapena growers, zakudya za nkhuku zokulirapo zokhala ndi mapuloteni ocheperako, pa sabata yachitatu, muyeze pa sikelo, muwerengenso matumba.

Kwa mayi a ku Mchinji, simunawawononge. Bakha ali ndi khalidwe lina labwino: akachedwa kukula ali wamng'ono chifukwa cha chakudya chofooka, ukamukonzera amathamangira kukula n'kubweza zambiri zomwe anataya. Ofufuza za abakha ku Cornell University, omwe ali ndi malo awo ku Long Island ku America, anaziona kalekale pa Pekin. Anu anafika potsika kwambiri, ndiye adzachedwerako ndi masabata angapo, koma adzakula.

Nayi miyeso pa makilogalamu 10. Madeya makilogalamu 6, soya wokazinga ndi kugayitsa makilogalamu 3, usipa kapena fumbi la usipa kilogalamu imodzi. Soya wathunthu ali ndi mapuloteni cha m'ma 37 pa 100, usipa wouma umadutsa 55. Mukawerenga: madeya akupereka magalamu 600, soya 1,110, usipa 550, zonse pamodzi 2,260 pa makilogalamu 10, ndiye kuti 22 peresenti ndi kakusefukira. Apatseni chimenechi masabata awiri kapena atatu kuti adzuke. Kenako mutsitse: madeya 8, soya 1.5, usipa theka la kilogalamu, zimabwera pa 16. Ngati muli ndi chimanga chosweka, theka la madeyawo mulowetse chimanga chogaya kuti mphamvu ikwere, chifukwa madeya ali ndi makoko ambiri kwa kamwana.

Achimwene a ku Lunzu:
Bambo mlangizi, ndamva, koma ine ndinayesapo growers ya nkhuku zoikira ndipo abakha anatuluka ndi mafuta ambiri pansi pa khungu, chidali chochepa. Ogula anadandaula. Ndi chifukwa chake ndinabwerera ku starter.

Wophunzira ku Bunda:
Ndilowererepo pang'ono akuluakulu, ndine mwana koma izi tikuphunzira. Zomwe anaona achimwenewo n'zoona. Mapuloteni akatsika kwambiri pomwe mphamvu ya chakudya ili pamwamba, bakha amadya mopitiriza pofuna kupeza zomwe zikusowa, mphamvu yotsalayo imasanduka mafuta. Ndiye kulemera pa sikelo kukhoza kufanana koma nyama ya pachidali n'kuchepa. Kwa ogulitsa kumalo odyera, kuima pa 17 kapena 18 n'kwanzeru kusiyana ndi kugwera pa 14 kapena 15.

Koma chomwe ndimafuna kunena n'chakuti nambala ya peresenti payokha imanamiza. Mapuloteni amapangidwa ndi tizigawo totchedwa ma amino acid, ndipo tiwiri timene timayamba kuperewera ndi lysine ndi methionine. Buku lomwe atchula a mlangizi limaika lysine pa 0.90 peresenti ndi methionine pa 0.40 kwa tiana ta masabata awiri oyamba. Chimanga chili ndi lysine wochepa kwambiri. Soya ali ndi lysine wambiri koma methionine wochepa. Nsomba ili ndi zonse ziwiri. Ndiye kilogalamu imodzi ya usipa ija si yongokwezera nambala, ikutseka dzenje lomwe soya sangatseke. Methionine ndi amenenso amafunika kwambiri pa nthenga. Munthu akhoza kupanga chakudya cha peresenti yokwera ndi madeya ndi nandolo kapena khobwe wambiri, abakha n'kumakulabe mozengereza, pomwe cha 19 peresenti chokhala ndi nsomba chikuwakuza bwino.

Amene usipa wawadulira, keke ya mpendadzuwa yotsala poyenga mafuta imathandizako pa methionine, koma ili ndi makoko ambiri, tiana tating'ono musatipatse yambiri.

Mayi a ku Mchinji:
Soyayo kukazinga n'kofunikiradi? Nkhuni zikuvuta kuno. Sindingangogayitsa?

Mlangizi wopuma ntchito, Dedza:
Ayi mayi, pamenepo musadumphe. Soya wamuwisi ali ndi zinthu zomwe zimatsekereza kugayika kwa mapuloteni m'matumbo. Mukawapatsa wosakazinga mudzakhala mwataya soya wanu, abakha n'kutsegulanso m'mimba. Kazingani pa chiwaya moto wapakatikati, mukutakasa osaleka, mpaka asinthe mtundu kukhala wofiirira pang'ono, khungu liyambe kung'aluka, ndipo mukatafuna fungo lauwisi lija lisamveke. Koma asapserere. Wopserera wataya lysine yemwe akunena mwana wathu wa ku Bunda. Ena amawiritsa theka la ola n'kuyanika, nazonso zimatheka ngati kuli dzuwa loti aume msanga.

Bambo a ku Chipata:
Moni kuchokera kuno ku Zambia. Ine ndikufuna ndichenjeze za nshawa, mtedza uja. Zaka ziwiri zapitazo ndinamva zomwezi zoti abakha amafuna mapuloteni, ndiye ndinaganiza kuti ndapeza njira yotchipa. Titasankha mtedza wogulitsa, wotsala uja wonyala, wobooka ndi wakuda ndinagayitsa n'kusakaniza ndi gaga. Tiana 30 tinali bwinobwino. Pasanathe masabata awiri tinayamba kufooka, kusiya kudya, kugwa chagada khosi litapindikira kumbuyo. Ndinatsala ndi 7. Nditang'amba tiwiri, chiwindi chinali chotuwa, chotupa. Nkhuku zomwe zinkadya zomwezo sizinafe. Mpaka lero zimandiwawa chifukwa ndinawapatsa ndi manja anga.

Wophunzira ku Bunda:
Pepani bambo. Chimenecho chikufanana kwambiri ndi chuku, poizoni wake amatchedwa aflatoxin. Pa mbalame zonse zoweta, tiana ta abakha ndi timene timafa msanga naye, nkhuku zimapirirako. Poizoniyu anadziwika mu 1960 pomwe nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya keke ya mtedza yochokera ku Brazil, ndipo nthawi yomweyo tiana ta abakha tinkafanso ku Kenya ndi ku Uganda ndi keke ya mtedza. Pambuyo pake asayansi ankagwiritsa ntchito tiana ta abakha poyeza ngati chakudya chili ndi poizoniyu. Kukazinga kapena kuphika sikumuchotsa.

Ndipo si mtedza wokha. Chimanga chikakhala ndi chuku, pokonola poizoni wambiri amatsalira m'madeya. Ndiye mayi a ku Mchinji, madeya anuwo muwanunkhize. Akakhala oumbika mibulu, otentha mkati mwa thumba kapena onunkha chinyezi, musapatse tiana. Madeya a chimanga chonyowetsa pokonola muziyanika tsiku lomwelo.

Mayi a ku Mchinji:
Kwathu kuno ndi kwa mtedza, ndipo ndinali nditaganiza kale zogayitsa wotsalira wanga. Bambo a ku Chipata mwandipulumutsa. Mulungu akudalitseni.

Achemwali a ku Kasungu:
Funso langa n'losiyana pang'ono. Anga ndinawapatsa broiler starter ngati achimwene a ku Lunzu mpaka miyezi iwiri. Anakula mofulumira ndithu, koma anayi mapiko awo anapindikira kunja, nthenga za kumapeto zikuloza m'mbali ngati ndege. Anthu akuti ndi malodza. Ena akuti ndi mtundu. N'chiyani?

Mlangizi wopuma ntchito, Dedza:
Si malodza achemwali. Zimachitika kwa abakha ndi atsekwe pa nthawi yomwe nthenga zikuluzikulu za mapiko zikutuluka. Nthengazo zikamamera zimakhala zodzaza magazi, zolemera, ndiye zikakula msanga kuposa mfundo ya kumapeto kwa phiko, mfundoyo imapotokera kunja. Alimi ndi madokotala a ziweto ambiri amaziona kwambiri pa abakha odyetsedwa chakudya champhamvu nthawi yaitali ali m'khola lopanikiza, ndipo mtundu umathandizirako. Mukaziona zikungoyamba, pindani phikolo momwe liyenera kukhalira, mulimange ndi kansalu kofewa masiku anayi kapena asanu, mutsitse chakudya, muwonjezere masamba. Bakha akakula nazo siziwongokanso, koma nyama yake ilibe vuto. Amenewo mudye kapena mugulitse, mbewu musankhe kwa ena.

Achimwene a ku Lunzu:
Kwa ine sizichitika kawirikawiri, mwina poti ndimapha pa masabata 7 mapiko asanakhwime. Chabwino, gulu likubwerali ndiligawa pawiri, theka starter mpaka mapeto, theka finisher kuyambira tsiku la 21. Ndidzaponya manambala pano. Koma ndikapeza chidali chachepa ndibwerera, ogula anga amayang'ana pamenepo.

Agogo a ku Nkhotakota:
Ine manambala anuwo sindiwatsata bwino, koma ndinene zomwe ndikudziwa. Mwana wanga wa ku Mchinji, ngakhale uwatsekere, dambo ukhoza kuwabweretsera. Tuma ana akatole nkhono, uziphwanye, uziwiritse pang'ono. Fukula chiswe, ika mphika wa zinyalala ndi ndowe zouma chozondotsa pa njira ya chiswe, m'mawa ukakhuthulire m'khola. Nthawi ya ngumbi tchera nyali ndi beseni la madzi. Kandere kobiriwira koyandama pa madzi odikha kaja, ka timasamba ting'onoting'ono, abakha amakakonda kwabasi. Bonongwe, chisoso, masamba a mbatata, uziduladula. Ife takulira zimenezo.

Wophunzira ku Bunda:
Agogo akunena zoona, ndingowonjezera kuti tisawerengere molakwika. Zoyandama pamadzizo zikauma zimakhala ndi mapuloteni ambiri, koma zaziwisi magawo oposa 90 pa 100 ndi madzi. Kamwana kakhoza kudzaza mimba osapeza zokwana. Zikhale zowonjezera pamwamba pa chakudya chija. Chiswe, ngumbi ndi nkhono ndiye zolowa m'malo mwa usipa zenizeni. Masamba a chammwamba ouma ndi osinja nawonso ndi abwino, kadzanja kamodzi kapena tiwiri pa ndowa.

Adimini:
Wina wanditumizira kumbali kuti ndimufunsire: ali ndi layers mash, chakudya cha nkhuku zake zoikira mazira, angapatse tiana ta abakha poti nayonso ndi 16 peresenti?

Mlangizi wopuma ntchito, Dedza:
Asapatse. Layers mash ili ndi laimu wambiri wopangira zikamba za mazira, calcium wake amafika pafupifupi magawo 4 pa 100, pomwe kamwana kamafuna osapitirira gawo limodzi. Amawononga impso ndi mafupa. Aisungire abakha akayamba kuikira.

Ndikumbutsenso za miyendo, poti tikupanga chakudya cha chimanga chambiri. Abakha amafuna vitamini wotchedwa niacin wambiri kuposa anapiye, mamiligalamu 55 pa kilogalamu ya chakudya, ndipo niacin wa m'chimanga ndi womangika, thupi silimutenga bwino. Akasowa, miyendo imakhota ngati uta, kamwana kamayenda pang'ono n'kukhala pansi. Mukayamba kuwakuza msanga ndi soya, thupi limalemera, miyendo yofooka imaonekera. Ndiye kapaketi ka premix ya mavitamini ku sitolo ya mankhwala a ziweto musakaone ngati kuwononga ndalama, tsatirani muyeso wolembedwa papaketipo. Nsomba imathandizanso. Mchere pang'ono chabe, ndipo ngati fumbi la nsombalo ndi lamchere musathirenso wina. Mulisefe, ogulitsa ena amasesa ndi mchenga womwe.

Kaperekedwe: ufa wouma umamatirira kukamwa kwa bakha, amathamangira kumadzi kukachukucha, theka la chakudya limathera m'madzimo. Nyowetsani kuti chizigwirana mukafinya koma osachucha, ndipo muzikonza choti amalize nthawi yomweyo chifukwa chokhalitsa chimasasa. Madzi akhale pafupi, akuya moti n'kumiza mlomo wonse mpaka mphuno.

Mayi a ku Mchinji:
Ndalemba zonse m'kope. Mawa ndikukazinga. Ndidzabwera kudzanena.

Mayi a ku Mchinji:
Abale ndabweranso, papita masabata atatu. Ndinachita monga munanenera, 6, 3 ndi 1, fumbi la usipa ndinagula pamsika, ana amatola chiswe akaweruka kusukulu. Masiku awiri oyamba ankachinyanyala, ndinayamba ndi kusakaniza theka ndi madeya omwe anazolowera. Mmodzi mwa ovulala aja anafa, atsala 21. Kujomphana kunatha sabata yoyamba yomwe. Nthenga zatuluka pamimba ndi m'mbali, zamapiko zayamba. Lero ndayeza onse. Khumi ali pakati pa kilogalamu imodzi ndi 1.2, koma 11 enawo ali cha m'ma magalamu 700 mpaka 800. Ndasangalala koma ndikudabwa, bwanji agawikana pawiri chonchi pomwe akudya chimodzi? Kodi akuluwo akulanda anzawo? Ndiwonjezere soya kwa ang'onowo?

Agogo a ku Nkhotakota:
Tawayang'ana miyendo ndi mitu. Akuluwo miyendo yake ndi yonenepa, mapazi otambalala, thupi lalitali? Ang'onowo nthenga zawo zatsogola kutuluka? Ngati ndi choncho palibe akulandidwa. Khumiwo ndi amuna, enawo ndi akazi.

Mayi a ku Mchinji:
Ndapita kukaona agogo. Ndi momwemo ndithu! Ang'onowo ndi amene ali ndi nthenga zambiri, akuoneka osalala.

Mlangizi wopuma ntchito, Dedza:
Agogo alasa. Pa abakha athu a Muscovy wamwamuna amakula mpaka kulemera pafupifupi kawiri kuposa wamkazi, ndipo kusiyanako kumayamba kuoneka pa msinkhu umenewu. Kale sikunkaoneka chifukwa onse anali opinimbira. Soya wowonjezera sangasandutse wamkazi kukhala wamkulu ngati wamwamuna. Ku France komwe amaweta mtundu umenewu wambiri, akazi amawapha cha pa masabata 10, amuna cha pa masabata 12, ndipo amawalera mosiyanitsa. Anu achedwa, muwonjezerepo masabata atatu kapena anayi.

Tsopano tsikirani ku muyeso wachiwiri uja, 8, 1.5 ndi theka, pang'onopang'ono kwa masiku anayi, makamaka poti nthenga za mapiko zayamba. Ngati mungathe gawani khola, amuna kwaokha, kuti akazi azidya mwamtendere. Amene mukufuna kugulitsa muwachotsere usipa masabata awiri omaliza kuti nyama isamveke nsomba, m'malo mwake soya akwere kufika makilogalamu awiri ndi theka pa 10.

Mayi a ku Mchinji:
Akazi ndisunga 6 a mbewu, enawo ndi amuna ndigulitsa pa Khirisimasi. Bakha wanga woyamba uja wayambanso kukhalira mazira 15, lero ndi tsiku lachinayi, ndiye kwatsala masiku 31. Ulendo uno soya ndikazingiratu asanaswe. Wamwamuna wa mbewu ndikufuna wa kwina kuti asakwerane pachibale. Alipo wa kufupi ndi Mchinji, Kamwendo kapena Namitete woti tisinthane?

Achemwali a ku Kasungu:
Mchemwali wanga ali ku Namitete ali nawo amuna atatu akuda ndi mawanga oyera, mapiko abwinobwino. Ndikulemberani kumbali madzulo ano ndikamufunsa.